Botolo limabwerera, pepala silibwerera: mbiri ya pulasitiki wokutira katundu kwa Chiwalo

Mbiri ya pulasitiki m'Malawi muno, mmene timaimvera pa wailesi ndi m'misonkhano ya makalabu a zachilengedwe kusukulu, ndi mbiri ya jumbo. Timayambira mu 2015 pomwe boma linaletsa mapepala opyapyala, n'kudutsa m'makhoti, n'kutsirizira pa funso lakuti kodi mwatenga chikwama chanu popita kumsika. Nkhaniyo ndi yoona ndipo ndiifotokoza kutsogoloku. Koma imasiya panja pulasitiki wina yemwe kwathu kwa Chiwalo, ku Phalombe, mwana aliyense amamudziwa: pepala lomwe makampani amakutira katundu wawo. Ndikunena pepala la mkati mwa thumba la feteleza, lokulunga belo la kaunjika, lomanga mabotolo a zakumwa kapena mapaketi a shuga ndi mchere kuti akhale mtolo umodzi, ndiponso lija lomatirira lomwe amazengera makatoni m'nyumba zosungiramo katundu ku Limbe ndi ku Kanengo. Pepala limeneli palibe amaligula dala. Limangobwera ndi katundu ngati mlendo wotsatira mnzake kuukwati, ndipo mwambo ukatha limatsala pakhomo.

Chomwe ndikufuna kunena n'chakuti vuto la pepalali si kupyapyala kwake. Vuto n'lakuti ulendo wake ndi wopita kokha. Ndipo kwa ife ophunzira mbiri, chochititsa chidwi n'choti dziko lino linali kale ndi zokutira katundu zomwe zinkapita n'kubwerako, ndipo zina mwa izo zikuyendabe mpaka lero.

Tiyambire kumbuyo. Agogo athu, omwe ambiri mwa iwo anali Alhomwe olowa m'dziko muno kuchokera ku Mozambique chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, anali ndi zosungiramo zawo. Chimanga ndi mapira zinkakhala m'nkhokwe, ufa m'dengu kapena mumtsuko, madzi m'chipanda. Mfutso ankaumanga m'chikwatu cha masamba n'kuupachika padenga la kukhitchini kuti utsi uziuteteza. Matemba ochokera ku Chilwa ankayenda m'madengu. Sindikufuna kukometsera nyengo imeneyo mopitirira: nankafumbwe ankadya nawo, mvula inkanyowetsa mchere, ndipo mayi ankayenda mtunda ndi mtsuko wolemera womwe ukagwa wagwa. Koma zonsezi zikatha ntchito zinkaola, chiswe n'kumaliza zotsalazo. Dzala la kuseri kwa nyumba linkasanduka manyowa, ndipo n'chifukwa chake maungu a padzala amabala bwino. Chizolowezi chotaya zinthu kudzala chinali chanzeru pa nthawi yake. Sichinasinthe mpaka lero, koma zomwe tikutayamo ndi zomwe zinasintha.

Malonda a atsamunda anabweretsa chiguduli. Thonje, mtedza, chimanga ndi fodya zinkayenda m'matumba ndi m'nsalu za chiguduli, ndipo ADMARC itakhazikitsidwa mu 1971 kulowa m'malo mwa Farmers Marketing Board, inapitiriza zomwezo. Chiguduli chinali ndi mtengo. Chikang'ambika ankachisoka, ndipo chinkayenda maulendo ambiri chisanasanduke chopondera pakhomo. Pa fodya chiguduli chikadalipo, ndipo chifukwa chake n'chophunzitsa. Alimi a fodya a ku Phalombe amadziwa kuti belo likapezeka ndi kachidutswa ka pulasitiki kuokushoni ku Limbe, ogula amalikana, mlimi n'kuluza nthawi ndi ndalama kukalisankhanso. Pamenepo palibe amafunika kumuchitira msonkhano wa zachilengedwe. Wogula ananena kuti sakufuna pulasitiki, ndipo mlimi amamusaka m'fodya wake ngati nsabwe.

Chitsanzo chachikulu koposa ndi botolo lagalasi. Kampani ya Southern Bottlers inayamba kupanga zakumwa zoziziritsa kukhosi m'ma 1950, ndipo mu 1968 Carlsberg inatsegula fakitale ya mowa ku Blantyre, yoyamba kunja kwa Denmark. Zakumwa zonsezi zinkafika mpaka m'magolosale a kumudzi m'mabotolo omwe mwini wake ankawafunanso. Aliyense wa ife anakulira lamulo lake osaliwerenga paliponse: ukafuna kutuluka ndi Fanta m'golosale, bweretsa botolo lopanda kanthu kapena siya ndalama ya dipoziti. Wagolosale sangalandire kireti yodzaza asanapereke kireti ya mabotolo opanda kanthu. Lole imabwera yodzaza, imabwereranso yodzaza. Botolo lomwe lamwedwa kwa Chiwalo limakatsukidwa kufakitale n'kudzazidwanso, mwina ulendo wotsatira n'kukapezeka ku Nsanje. Kampani sinachite izi chifukwa chokonda chilengedwe. Galasi ndi lodula, ndipo kulitaya kukanaidyera phindu. Koma zotsatira zake tonse timaziona: simungapeze mulu wa mabotolo a Fanta agalasi m'mbali mwa msewu, ngakhale kumudzi komwe galimoto yotola zinyalala sinafikeko chilengedwere dziko.

Pulasitiki anabwera ndi nzeru yotsutsana ndi imeneyi. Mtundu womwe amapangira mapepalawa, polyethylene, unatulukira mwangozi mu 1933 m'labotale ya kampani ya ICI ku Northwich, ku England, pomwe Eric Fawcett ndi Reginald Gibson ankayesa zina n'kupeza kanthu koyera konga phula. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anali chinsinsi cha asilikali, chokutira mawaya a makina oonera ndege zili kutali. Nkhondo itatha anasanduka katundu wa aliyense. Mu 1953 Karl Ziegler wa ku Germany anapeza njira yopangira mtundu wake wolimbirapo, ndipo mu 1965 kampani ya Celloplast ya ku Sweden inalembetsa umwini wa thumba lokhala ndi zogwirira lomwe Sten Gustaf Thulin anajambula, kholo la jumbo yathuyi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ku America kunayamba makina ozenga katundu ndi pepala lotamuka. Ubwino wonse wa pepalali, kwa wamalonda, unali woti ndi lotchipa kwambiri moti palibe chifukwa cholitumira lole kukalitenga. Mtengo wolichotsa padziko sunalowe m'buku la kampani. Unatsalira munthu womaliza kuligwira.

Kwathu pepalali linachuluka pamodzi ndi zinthu ziwiri: kumasuka kwa malonda m'zaka za m'ma 1990, ndi feteleza. Msika utadzaza ndi kaunjika ndi katundu wa mahawkala, belo lililonse linkabwera ndi chikuto chake. Kenako boma linayamba kugawa zipangizo za ulimi: Starter Pack mu 1998 nthawi ya a Bakili Muluzi, sabuside ya makuponi kuyambira 2005 nthawi ya a Bingu wa Mutharika, ndi AIP kuyambira 2020 nthawi ya a Lazarus Chakwera. Chaka choyamba cha AIP, mabanja oposa 3 miliyoni anali pa mndandanda wogula matumba awiri a makilogalamu 50 pa K4,495 thumba limodzi. Werengani nokha: amenewo ndi matumba oposa 6 miliyoni m'nyengo imodzi, ndipo thumba la feteleza nthawi zambiri limakhala pawiri, saka yolukidwa kunja ndi pepala mkati loteteza ku chinyezi. Takangana kwa zaka zambiri za ndani walandira kuponi, ndani wabedwa, ndani wagulitsa yake kwa mavenda. Sindinamvepo mtsutso wa komwe matumbawo amathera. Boma lomwe linkalimbana ndi jumbo m'khoti ndi lomwelonso linkatumiza mapepala mamiliyoni kumidzi chaka ndi chaka popanda njira yowabwezera.

Apa ndiyenera kuchitira chilungamo anthu akwathu, chifukwa nkhani za pulasitiki zimakonda kuwajambula ngati osadziwa kanthu ofunika kuphunzitsidwa. Munthu wa kumudzi sataya pepala lolimba. Saka ya feteleza imasunga chimanga, nandolo ndi mpendadzuwa, imasokedwa kukhala choyanikirapo mpunga, imakhala chitseko cha bafa. Pepala la mkati limayalidwa padenga udzu usanafoleredwe kuti nyumba isadonthe, limakutira njerwa zosawotcha mvula ikamabwera, limayalidwa pansi pa mphasa ya mwana wokodza pogona, limakulunga makope a mwana wa sukulu m'dzinja, ndipo wakabaza amalivala ngati jasi. Zingwe zomangira mabelo a kaunjika zimalukidwa kukhala mabasiketi. Zotsalira zimapita kwa ana, omwe amazimanga kukhala mpira wachikulunga. Pepala limodzi lingagwire ntchito zitatu kapena zinayi lisanathe. Azungu omwe amalemba mabuku a chuma chozungulira akanabwera kudzaphunzira kwa azakhali anga, akanachepetsa masamba.

Koma kugwiritsanso ntchito kuli ndi malire, ndipo malirewo amaika ndi dzuwa. Polyethylene akakhala padzuwa miyezi ingapo amauma, amayera, kenako amathetheka ngati tsamba la fodya louma. Saola. Amangosweka kukhala tizidutswa ting'onoting'ono tomwe sungatolenso. Pofika pamenepo mwini wake ali ndi njira zitatu: kulikwirira, kulisiya liuluke, kapena kulitentha. Ambiri amatentha, ndipo amayi ambiri amayatsira mbaula ndi kapepala chifukwa kamagwira moto msanga kuposa udzu wonyowa. Utsi wakewo amaupuma ndi yemwe wawerama kukoleza motowo, kawirikawiri ali ndi mwana kumbuyo. Zomwe zauluka zimakathera m'munda, momwe khasu limazipeza chaka chilichonse, kapena m'mimba mwa mbuzi. Kafukufuku wina yemwe anachitika ku Mponela, m'boma la Dowa, anapeza pulasitiki m'mimba mwa ziweto pafupifupi 40 pa 100 zilizonse zophedwa kumeneko. Kwa banja lomwe mbuzi ndiyo banki yake ya fizi, imeneyo si nkhani ya zachilengedwe chabe.

Nanga kufakitale zimatheka bwanji? Anzathu a sayansi andikhululukire pofupikitsa. Pepala lotha ntchito amalisankha potengera mtundu wake, chifukwa mapulasitiki osiyana sasungunuka pa moto wofanana ndipo akasakanizika chotulukacho chimakhala chosalimba. Manambala aja mumawaona mkati mwa timivi titatu, omwe anayamba ku America mu 1988, ndiwo amasiyanitsa: 4 ndi polyethylene wofewa wa mapepala ambiri okutira katundu, 2 ndi wolimbirapo uja wolira ukamukhwinyata, 5 ndi polypropylene wa masaka olukidwa. Akasankha amaduladula, kutsuka, kuumitsa, kenako kulowetsa m'makina otentha omwe amasungunula pepalalo n'kulitulutsa ngati zingwe, zomwe amazidula kukhala timibulu tonga mpunga. Timibuluto ndito amatisungunulanso n'kutiuzira mpweya kuti tikhale pepala latsopano. Popeza mitundu ya utoto imakhala itasakanikirana, chotulukacho amachidetsa dala. N'chifukwa chake zinthu zopangidwa ku pulasitiki wobwezeredwa nthawi zambiri zimakhala zakuda: pepala lofolerera nyumba, machubu a mbande za mitengo, matumba a zinyalala, mapaipi.

Mwa mapulasitiki onse, pepala la m'mafakitale ndi m'nyumba zosungiramo katundu ndilo losavuta kubwezeretsa. Limakhala la mtundu umodzi, loyera, louma, ndipo limapezeka lambiri pamalo amodzi. Wa holoselo ku Limbe akamasula katundu, mulu wa mapepala umakhala pomwepo, ndipo fakitale ili mtunda wochepa. Pepala lomwelo likangokwera lole kupita kwa Chiwalo, mtengo wake umayamba kugwa. Limamwazikana m'makomo mazanamazana, limadetsedwa ndi dothi ndi feteleza, limapsa ndi dzuwa. Wofuna kulibwezeretsa ayenera kulipira madzi ndi magetsi olitsukira, ndipo gawo lina la kulemera komwe wagula ndi matope.

Ndiye pali masamu a kulemera, omwe ndinawerengera ndekha ndipo inunso mutha kuwayesa. Maikironi imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Pepala la polyethylene lokhuthala mamaikironi 60, lotalika mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, limalemera pafupifupi magalamu 55. Kuti mupeze tani imodzi mukufunika mapepala oti mutawayala pansi angakute mabwalo a mpira awiri ndi theka. Pepala lozengera makatoni lija nthawi zambiri limakhala la mamaikironi a m'ma 20, ndiye kuti pamafunika lochuluka katatu. Fakitale imagula pa kilogalamu. Mnyamata wa kwa Chiwalo atatola mapepala mwezi wathunthu n'kudzaza ngolo, ndalama yake singakwane ngakhale yokwerera yekha kupita ku Limbe, osanena za katunduyo. Popanda makina opanikiza mapepalawo kukhala mabelo olemera, lole imangonyamula mpweya. Ichi ndicho chifukwa chake anthu otola mapulasitiki ogulitsa mumawapeza kumtaya wa Mzedi ku Blantyre kapena wa ku Area 38 ku Lilongwe, kufupi ndi ogula, osati ku Phalombe. Si kuti akumudzi ndi aulesi kapena sanamve uthenga. Msika unawerengera n'kupeza kuti kwathu n'kutali.

Ndipo tisaganize kuti mayiko olemera anathana nalo vutoli. Mu 2017 Roland Geyer, Jenna Jambeck ndi Kara Lavender Law anawerengera pulasitiki yense wopangidwa padziko kuyambira m'ma 1950 n'kupeza matani pafupifupi 8,300 miliyoni. Mwa yemwe anali atasanduka kale zinyalala, 9 pa 100 yekha ndiye anabwezeretsedwa, 12 pa 100 anatenthedwa, ndipo wotsalayo ali kumitaya kapena akungoyendayenda m'chilengedwe. Kwa zaka zambiri Ulaya ndi America ankatumiza zinyalala zawo zapulasitiki ku China n'kumazilemba kuti zabwezeretsedwa, mpaka China inatseka chitseko kumayambiriro kwa 2018. Nawonso anali ndi kwa Chiwalo kwawo, kungoti kunali kutsidya kwa nyanja.

Tsopano tibwere ku lamulo lathu. Malamulo a 2015 analetsa kupanga, kuitanitsa, kugulitsa ndi kugwiritsa ntchito mapepala apulasitiki osafika mamaikironi 60, kupatula ena monga okulunga buledi ndi machubu a mbande. Sitinali oyamba. Bangladesh inaletsa majumbo opyapyala mu 2002 itaona kuti akutseka ngalande n'kukulitsa kusefukira kwa madzi, Rwanda inatsatira mu 2008, Kenya mu 2017, Tanzania mu 2019. Kwathu kuno makampani opanga mapulasitiki anathamangira kukhoti n'kutenga chiletso, ponena kuti bizinesi ndi ntchito za anthu zidzawonongeka. Mlanduwo unakwawa mpaka pa 31 Julayi 2019 pomwe khoti lalikulu la apilo linagamula kuti lamulolo likhalepo. A Gloria Majiga-Kamoto, omwe anali patsogolo pokokera anthu ndi mabungwe kuti mlanduwo usafere m'kabati, analandira mphoto ya Goldman mu 2021. Koma nkhani sinathere pamenepo. Kampani ya Golden Plastics inapitiriza kulimbana m'makhoti mpaka inachotsa mlandu wake mu Juni 2024. Boma lisanapume, makampani ena 11 anatenganso chiletso china. Khoti lalikulu ku Lilongwe linachichotsa pa 31 Januwale 2025, ndipo bungwe la MEPA linalengeza kuti liyamba kukhwimitsa lamuloli pa 10 Febuluwale chaka chomwecho. Zaka khumi zathunthu. Mwana yemwe anali Sitandade 5 lamuloli likulembedwa anali ali kuyunivesite pomwe linkayambanso kugwira ntchito popanda chiletso.

Sindikunyoza nkhondo imeneyi. Jumbo yopyapyala ndi yoipitsitsa chifukwa imang'ambika tsiku lomwelo, ndipo ngakhale agogo osataya kanthu sangaipezere ntchito yachiwiri. Omwe anaimenyera nkhondoyi analimbana ndi anthu a ndalama ndi maloya awo, ndipo anapambana. Koma taonani funso lomwe dziko lonse linakhala likufunsa zaka khumi zimenezo: pepalali ndi lokhuthala bwanji? Funso lakuti likatha ntchito alitenga ndani silinafike pakhoti. Ganizo la mamaikironi 60 n'lakuti pepala lokhuthala lidzagwiritsidwa ntchito kangapo ndipo lidzakhala ndi mtengo woti wina alitole n'kukaligulitsa. Ku Ndirande mwina zingatero. Kwa Chiwalo, komwe kulibe wogula, pepala la mamaikironi 60 limathera pomwe la mamaikironi 20 limathera, kungoti limachedwerapo ndipo pulasitiki wake ndi wochuluka katatu.

Komwe limathera n'komwe kumandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa cha malo omwe tili. Dera la Chiwalo lili m'chigwa cha nyanja ya Chilwa, ndipo Chilwa ndi nyanja yopanda potulukira. Mitsinje ya Phalombe, Sombani, Likangala, Thondwe ndi Domasi imathiramo madzi, koma palibe mtsinje wotulutsa. Madzi amachoka pouma ndi dzuwa basi. Pepala lotayidwa mumtsinje wa Mudi ku Blantyre lili ndi njira yopita ku Shire, kenako Zambezi, mpaka kunyanja ya mchere, n'kukakhala vuto la anthu ena. Lotayidwa m'chigwa chathu lilibe kopita. Chilwa ndi yosaya, ndipo yakhala ikuphwa nthawi ndi nthawi, monga mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018. Ikaphwa, zomwe zinalowamo zimatsala m'matope, ndipo madzi akabwerera zimakhala zili pomwepo, m'mabango ndi m'milulu momwe matemba, mlamba ndi makumba zimaswanirana. Nyanjayi ndiyo inali malo oyamba m'Malawi kulowa m'ndandanda wa madambo otetezedwa pansi pa pangano la Ramsar, m'zaka za m'ma 1990, chifukwa cha mbalame zake zam'madzi ndi anthu zikwizikwi omwe amadalira nsomba ndi mpunga wake. Pangano limateteza nyanja papepala, koma madzi a mvula ochokera m'misika yonse ya m'chigwachi sadziwa kuwerenga.

Palinso mbali ina yovuta kuinena. Phalombe ndi boma la ngozi zamadzi. Akuluakulu amakumbukirabe Napolo wa mu Malichi 1991, pomwe madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazana. Ife tikukumbukira namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, yemwe anasiya anthu oposa 1,000 atafa kapena kusowa m'chigawo cha kummwera, Phalombe ili m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Ngozi ikachitika, chithandizo choyamba chomwe munthu amalakalaka ndi pepala lapulasitiki kapena lona woti abisalemo ndi ana. Ndani angatsutse zimenezo? Pepala limapulumutsa moyo usiku wa mvula. Ndipo matumba a PICS, omwe ali ndi mapepala awiri okhuthala mkati ndipo amapha nankafumbwe pomumana mpweya popanda mankhwala, apulumutsa chimanga cha mabanja ambiri. Yemwe anganene kuti tingothetsa pulasitiki yense sanagonepo m'nyumba yodontha. Koma malona a chithandizo nawonso amapsa ndi dzuwa pakatha chaka, ndipo magalimoto omwe anawabweretsa sabweranso kudzatenga nsanza zake.

Mayiko ena anayesa kubwezeretsa nzeru ya botolo ija kudzera m'lamulo. Germany inakhazikitsa lamulo mu 1991 lokakamiza makampani kutenganso zokutira katundu wawo, ndipo inayambira pa zokutira za paulendo, zomwe ndi mapaleti, makatoni ndi mapepala omwe tikukamba pano, isanafike pa zokutira za m'sitolo. Anayambira pamenepo chifukwa ndi posavuta: eni katundu ndi ochepa, amadziwika, ndipo magalimoto awo amapita kale komwe kuli zinyalalazo. South Africa inayamba kugwiritsa ntchito malamulo otere mu 2021, okakamiza opanga ndi oitanitsa katundu kulipira ndalama zotolera ndi kubwezeretsa zokutira zawo. Ife tinayambira kumapeto kwa chingwe, kwa mayi wogulitsa tomato ndi jumbo yake, m'malo moyambira kwa yemwe amaitanitsa feteleza wa matani zikwizikwi.

Chomwe chimandidabwitsa n'choti pano pali phindu loonekeratu lomwe tikulisiya. Malawi sakumba mafuta ndipo sapanga timibulu tatsopano ta pulasitiki. Fakitale iliyonse ya ku Blantyre kapena Lilongwe imaitanitsa kunja, kudzera ku Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban, ndipo imalipira ndi madola omwe dziko lino likusowa mpaka kukhala pamizere ya mafuta. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo nthawi zonsezo timibulu takunja tinakwera mtengo. Pepala lililonse lomwe likutenthedwa kuseri kwa nyumba kwa Chiwalo linagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo likanatha kulowa m'malo mwa timibulu tina toitanitsa. Pepala lakuda lomwe bambo amagula pamsika kuti afolerere nyumba likhoza kukhala lochokera ku pepala la feteleza lomwe anatentha chaka chatha.

Njira yoyambira siyosowa. Feteleza wa sabuside amagulitsidwa m'madepoti odziwika, kwa anthu olembedwa maina, ndi makampani omwe asaina makontirakiti ndi boma. Kontirakitiyo ikhoza kunena kuti wobweretsa matumba 10,000 m'boma la Phalombe abwerere ndi mapepala ake, ndipo mlimi wobweza pepala la chaka chatha achotseredwe kenakake pa mtengo wa thumba la chaka chino. Makina amodzi opanikiza mabelo pa boma kapena pa msika waukulu ngati Migowi angasandutse ngolo khumi za mpweya kukhala katundu woyenera lole. Mwini holoselo yemwe amatumiza shuga ndi zakumwa kumagolosale angachite chimodzimodzi, popeza galimoto yake imabwerera ndi makireti kale.

Chovuta chenicheni chili kwa mlimi mwiniyo, ndipo ndi chomwe olemba mapulani m'maofesi angachiphonye. Pepala la feteleza likadali latsopano, loyera, lomwe fakitale ikulifuna, ndi nthawi yomweyonso mlimi akulifuna padenga pake, chifukwa feteleza amafika mvula itayamba. Adzalipereka pokhapokha ndalama ya dipoziti itaposa mtengo wa pepala lofolerera lomwe angagule pamsika. Ikachepa adzalisunga, ndipo adzakhala atawerengera bwino. Akadzabwera nalo patatha zaka ziwiri lidzakhala lakuda ndi mwaye, lothetheka, loti fakitale singalilandire pa mtengo uliwonse, ndipo pamenepo padzafunika wina wovomera kulinyamula ngakhale lilibe phindu, n'kulipira dizilo wa ulendo wochoka kwa Chiwalo kukafika ku Limbe.